Za ku Mfuwe: tayala, mbewa ndi ukhansala wa a Tcheya

Inu amene munatsala ku Chipata lekani kutinamiza kuti munali ndi maliro, tikudziwa munaopa dzuwa la ku Malambo. Ife a kalabu yathu yoteteza chilengedwe tinanyamuka pa Kapata ma 05 kupita ku Mfuwe, mbande zathu za msangu pamwamba pa minibasi, a Tcheya atavala jekete ngati akupita kukhoti.

Tisanafike pa Jumbe tayala phuu! Sipeya inalipo koma yopanda mpweya, jeke nayo adalaivala anabwereketsa kwa mlamu wao. Ndiye a Msungichuma akuti sangatulutse ngakhale ngwee popanda lisiti, mutchire muja lisiti alembe ndani, anyani? Tinakhala maola atatu pansi pa mtengo mpaka kamnyamata kanabwera ndi mbewa zapampani. Apa ndilembe bwino kuti mbiri isasokere: mbuya wathu wa ku Kasama, uja amatinyoza pa miting'i iliyonse kuti akum'mawa mumadya makoswe, anadya zitatu. Zitatu! Yachinayi anabisa mthumba ati njopatsa mwana. Chithunzi chilipo mbuya, osakana.

Anzathu a ku Mfuwe anatilandira bwino. Anationetsa mbaula zosatha nkhuni, ming'oma ya njuchi, mpanda wa tsabola wothamangitsa njovu m'minda ndi mizere ya gliricidia imene a COMACO, bungwe lothandiza alimi kusamala chilengedwe, amalimbikitsa. Zonse a Mlembi analemba mubuku, ofuna akawerenge.

Nkhani yeniyeni inabuka usiku titakhuta nsima ya nsomba. A Tcheya anatsokomola kawiri nkunena kuti akuganiza zoimira ukhansala, ati zogona pamsewu kutsekereza malole a malasha zatopetsa, mapiri athu akumetedwabe mpala. Jekete ija tinaimvetsa pamenepo. A Mlembi anawaikira kumbuyo ndi manambala ao: CDF, ndalama za boma zotukulira dera la MP aliyense, inachoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndalama zimenezo amagawana ali mkati, ife tili panja ndi zikwangwani. Komanso kuti uyende ndi chikwangwanicho lamulo la Public Order Act limafuna udziwitse apolisi masiku 7 lisanafike tsiku, pomwe nkhwangwa sidziwitsa munthu.

Amai a Vaisi anaimirira, anamanga chitenje, ife tinadziwa kuti kwatha. Anafunsa eni mudzi kuti mvuu 2,000 zija boma linafuna kupha mu Luangwa anazipulumutsa ndi khansala uti? Zinaimitsidwa 2016, zinabweranso 2018, nkuzafafanizidwa 2019, zonsezo phokoso la anthu chabe. Anatchulanso mgodi wa Kangaluwi mu Lower Zambezi, anthu anasaina mapetishoni ndi kuthamanga m'makhoti zaka ndi zaka mpaka ZEMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, inaimitsa ntchito mu 2023. A Mlembi ati eya amai, koma 2023 imabwera pambuyo pa 2021, anthu atavota ndipo unduna wa Green Economy utakhazikitsidwa. Amai a Vaisi ati ndiye ukavote pa chitsa uone ngati chiphuke.

Aphunzitsi pofuna kuzimitsa moto anabweretsa Wangari Maathai wa ku Kenya, kuti anayamba gulu lodzala mitengo la Green Belt Movement mu 1977, anateteza Uhuru Park mu 1989, anamenyedwa ku nkhalango ya Karura mu 1999, kenaka anaima pa masankho a 2002 nkuwina mpando wa MP wa dera la Tetu, anakhala wachiwiri kwa nduna ya zachilengedwe. A Tcheya anaomba m'manja ati mwamva? Amai a Vaisi ati uzani bwino aphunzitsi, 2007 anamuchita chani ovotawo? Anagwa, Nobel ya 2004 ili m'manja. Moto m'malo mozima unakula, aliyense akukoka mai wa eni ake kumbali kwake mpaka mlonda anabwera kutiuza kuti mvuu zikudandaula.

Ine maganizo anga ndinanena konkuja ndipo sindinasinthe. A Tcheya aime, voti yanga ndiwapatsa, koma upampando wa kalabu asiye tsiku lomwe avale malaya a chipani, kaili tikakagona pamsewu wa malasha anthu azati ndi kampeni. Ndipo akawina akachedwa kuyankha kalata yathu, pakhomo pao pomwepo tizakhala ndi zikwangwani zomwe analemba okha, dzanja lao timalidziwa. Anaseka koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

Zikomo anzathu a ku Mfuwe pa mphasa ndi uchi, amai ophika, mnyamata wa njinga amene anapita ndi sipeya yathu kukapopetsa nabweradi nayo, ndi a Msungichuma amene pamapeto analandira lisiti lolembedwa pa katoni ya sopo. Nkhani ya ukhansala tiimaliza Loweruka pa nazale, aliyense abwere ndi khasu. Ndipo amene anatenga poto wamkulu wa amai a Vaisi potsika pa Kapata abweze mwakachetechete, mbuya tikuyang'ana inu.