Miyezi isanu kudikira ndime imodzi

Wodwala wathu woyamba amuika pacemaker yatsopano, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino, Lachiwiri lapitali, ndipo dzulo ndi pamene ndagonako tulo tabwino. Ndine namwino woyendetsa kafukufuku pa chipatala china kuno ku America. Amene mukuyamba kumene ntchitoyi, tamverani.

Kafukufuku wathuyu ndi uja amati early feasibility study, woyesa chipangizo chatsopano pa anthu ochepa, 10 kapena 15 basi. FDA, bungwe la boma lovomereza mankhwala ndi zipangizo zachipatala, inatulutsa malangizo ake mu 2013 itaona kuti makampani akukayesera zinthu zawo kunja. Chathu ndi pacemaker yopanda mawaya, kakang'ono ngati kapisozi, kolowera mu mtsempha wa m'mphechepeche mpaka kukakhazikika mumtima.

Ine ndinkaopa FDA, koma kumeneko pempho la IDE, lopempha chilolezo choyesa chipangizo pa anthu, amaliyankha m'masiku 30. Komiti ya IRB, yoteteza anthu olowa m'kafukufuku, inatibweza kamodzi kuti fomu yosainira odwala yachuluka mawu a madokotala. Sanalakwe, nane yemwe imandizunguza mutu.

Pomwe tinatitimira ndi ku ofesi ya makontrakiti ya chipatala chathu chomwe. Nkhani yake imodzi: kachipangizoko kakaboola khoma la mtima, magazi n'kudzaza kathumba kokuta mtima, opaleshoniyo alipira ndani? Loya wa kampani yopanga kachipangizoko akatumiza kontrakiti, loya wathu afufute mawu awiri n'kubweza, kenako zii milungu itatu. Miyezi isanu, ndime imodzi! Tsiku lina ndinakwera ndekha ku ofesiko. Ndinapeza fayilo yathu atasanjikapo kapu ya khofi, mwiniwake ali pa tchuthi. Ndinatsika masitepe ndikudziyankhulira Chichewa, anthu n'kumandicheukira.

Ndiye kontrakiti ndi bajeti ziyambeni tsiku lomwe kampani yatumiza pempho ku FDA. Ife tinadikira chilolezo kaye, poganiza kuti zinthu zimayenda motsatana. Kupusa kwake.

Ndatsala pang'ono kuiwala Medicare, inshulansi ya boma yolipirira achikulire kuchipatala. Odwala athu ambiri ndi opitirira zaka 65, choncho kumbutsani kampani ipemphe msanga ku CMS, bungwe loyendetsa Medicare, kuti azilipirako. Mu bajeti musasiye echo (sikani ya mtima) ndi X-ray za maulendo obwereza, ife tinazisiya, fayilo n'kubwereranso ku ofesi yomwe ija. Ndikubwereza, kontrakiti iyambeni tsiku loyamba.

Amene amandipweteka mtima ndi agogo ena omwe anali okonzeka kulowa m'kafukufukuyu kalekale. Mtima wawo unkagunda ka 38 pa mphindi, akaimirira chizungulire. Sitikanawasunga mpaka maloya agwirizane, anawaika pacemaker yamawaya yomwe ija. Sabata yatha anabwera kudzayezetsa, n'kundifunsa ngati kapisozi kaja kanafika.