Ndinasiya uloya, tsopano ndimapera chiponde

Makasitomala ena kuno ku Area 25 amanditchulabe kuti "a loya" akamadzagula chiponde, ndipo ndimangovomera. Malamulo ndinawaphunzira ku Chanco, ku Zomba, kenako ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pa kampani ina ya maloya ku Blantyre. Ntchito yanga inali yotolera ngongole za mabanki: m'mawa kulemba makalata oopseza, masana ku High Court pa Chichiri, chigamulo chikatuluka kutumiza masherifu kukalanda katundu. Ndalama zinalipo, ndisaname. Koma likamakwana Lamlungu madzulo, m'mimba munkandipota.

Amene anandimaliza ndi mayi wina wa ku Ndirande yemwe tinamulanditsa chigayo. Anafika ku ofesi ndi mapepala a ngongole atawakulunga m'jumbo, n'kundiloza ndime ina ndi chala. "Mwananga, tandiuzeni, pamenepa analemba chiyani?" Anali atasaina zaka ziwiri zapitazo, zonse zili m'Chingerezi, ndipo chigayocho chinali chitapita kale. Mwalamulo panalibe chomwe ndinalakwitsa. Ndinamuwerengera, iye anathokoza, n'kumapita.

Anzanga amene uloya wa m'khoti unawakola anapeza njira zosiyanasiyana. Wina ndi mlembi wa bodi ku kampani ya inshuwaransi, wina analowa m'mabungwe omenyera ufulu wa amayi ndi ana, wina akuphunzitsa, wina amangoyanjanitsa anthu okangana asanafike kukhoti. Onsewa sanatalikire malamulo. Ine ndinkafuna chinthu choti madzulo ndizitha kuchigwira ndi manja. Kwathu ndi ku Mchinji, kumene mtedza ndinakulira nawo, choncho mu 2021 ndinagula makina ang'onoang'ono okazingira ndi operera, n'kusamukira ku Lilongwe. Bambo anga anakhala chete sabata yathunthu, kenako anangofunsa kuti, "Ng'ombe zija ndinagulitsa kuti iwe uzikazinga mtedza?"

Chaka choyamba uloya womwewo unandipusitsa. Ndinalembera kalabu ya alimi mgwirizano wa masamba khumi ndi awiri, wotseka mpata uliwonse. Anasaina onse mosavuta. Nthawi yokolola itakwana, mavenda anafika ndi masikelo awo ndi ndalama m'manja, mtedza wonse unapita. Ndikanawasumira, inde, koma ungasumire bwanji anthu omwe mawa ukakumana nawo pamaliro? Ndinazindikira kuti ndawachita zomwe banki ija inachita mayi wa chigayo. Chaka chotsatira ndinalemba tsamba limodzi lokha, m'Chichewa, ndipo tinaliwerenga mokweza pansi pa mtengo wa mango pamaso pa a mfumu. Alimi anasintha mfundo ziwiri. Yofunika kwambiri inali yoti ndizilipira tsiku lomwelo, osati pakatha masiku makumi atatu monga ndinazolowera m'tauni.

Pamgwirizanowo pali mfundo imodzi imene sindilola kukambirana: chuku. Alimi ena amawaza madzi pamtedza kuti makoko afewe posenda, ena kuti thumba lilemere. Chinyezi chimenecho ndicho chimabereka chuku chokhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Ndiye mtedza timaugula uli m'makoko, wouma bwino, n'kusenda tokha. Amayi anayi amakhala pamphasa kusankha njere imodziimodzi, kutaya yonyala, yosweka ndi yakuda. Ntchito imeneyi imadya nthawi kuposa kupera kwenikweniko. Timakonda mtedza wa mtundu wa CG7 chifukwa uli ndi mafuta ambiri, ngakhale achikulire amalumbirira Chalimbana.

Pa nkhani ya mapepala a bizinesi mpamene sukulu ya uloya ija inabweza ng'ombe za bambo. Kulembetsa kampani kwa Registrar General, kukonza za msonkho ku MRA, kudzaza mapepala a Malawi Bureau of Standards kuti tipeze chidindo, zonsezi ndinachita ndekha. Sitolo ina yaikulu itatipatsa mgwirizano woti tizilandiranso katundu yense wosagulidwa, ngakhale atawonongekera m'manja mwawo, ndinaiona ndimeyo ndisanamalize tiyi.

Mavuto ena alibe ndime. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima maola ambiri, tinkapera usiku. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mabotolo unakwera mwakuti tinayamba kupempha makasitomala kubweza akale.

Lero tilipo anthu asanu ndi anayi. Sindipeza ndalama zomwe ndinkapeza ku Blantyre, ndipo galimoto ndinagulitsa. Loweruka lililonse m'mawa pamabwera anthu pakhonde la fakitale ndi mapepala a ngongole kapena a malo oti ndiwawerengere asanasaine, ndipo sindiwalipiritsa. Bambo nawonso analowa m'kalabu ija. Chaka chino anabweretsa matumba asanu ndi limodzi, ndipo limodzi ndinawabwezera chifukwa linali lonyowa.