Mamilimita 5 a alangizi, magaloni a pampu ndi mgolo wanga

Dimba langa lili m'dambo kuseri kwa Kamwendo, ku Mchinji. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthirira ndi makheni, ndipo muyezo wanga unali msana: ukayamba kuwawa, ndiye kuti tomato wakhuta. Chaka chino ndinagula kapampu kakang'ono ka petulo, kogwirapo kale ntchito, kwa munthu wina amene anakatenga ku Chipata. Apa mpamene masamu anandipeza, chifukwa petulo si madzi a pachitsime oti n'kumangotunga osawerenga.

Alangizi atabwera kudzaona mbewu mu Seputembala ndinawafunsa kuti kodi pampuyi ndiziiliza nthawi yaitali bwanji. Iwo anati, "Bambo, nyengo yotentha ino tomato ameneyu muzimuwerengera mamilimita 5 patsiku." Ndinangovomera mwaulemu, koma mumtima ndinati madzi amayezedwa ndi rula kuyambira liti? Ine ndimadziwa ndowa, chigubu ndi mgolo. Pa pampu nayo panalembedwa zina: 35 GPM. Anthu atatu, ziyankhulo zitatu.

Amene anandimasulira ndi mphwanga wa Fomu 3. Anajambula pansi bwalo la mita imodzi uku, mita imodzi uku, n'kunena kuti, "Amalume, mukathira lita imodzi m'bwalo ili, madzi osalowa pansi, akwera milimita imodzi." Basitu, chinsinsi chonse chinali pamenepo. Milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Ngakhale a zanyengo akamalengeza pa wailesi kuti kwagwa mvula ya mamilimita 20, amatanthauza kuti sikweya mita iliyonse yalandira ndowa yathunthu ya malita 20. Ndakhala ndikumva zimenezi kuyambira ndili mnyamata osadziwa kuti akukamba za ndowa.

Choyamba tsono kunali kuyeza dimba. Tinabwereka tepi kwa mmisiri womanga nyumba, chifukwa mapazi amanama: ine ndinkauza anthu kuti ndili ndi theka la ekala. Tinapeza mamita 40 m'litali ndi 30 m'lifupi, kuchulukitsa n'kukhala masikweya mita 1,200. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, ndiye dimba langa silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a ekala. Zinandichititsa manyazi pang'ono, komanso zinandiuza chifukwa chake feteleza amanditsalira.

Kenako 1,200 kuchulukitsa ndi 5, malita 6,000 patsiku. Zimenezo ndi ndowa 300, kapena migolo 30 ya malita 200. Alangizi amazitchula kuti makiyubiki mita 6, popeza kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Nditamva za ndowa 300 ndinazindikira kuti ndi makheni aja sindinkafikako n'komwe, ndipo tomato wanga ankafota masana osati chifukwa cha matenda ayi, koma ludzu.

Madzi otuluka m'payipi safika onse kumizu. Ine ndimathirira m'ngalande, ndipo kumtunda kwa dimba kuli kamchenga. Ena amalowerera panjira, ena amasefukira kumapeto kwa mzere. Alangizi anati tiwerengere kuti pa malita 10 alionse, 6 okha ndiwo amagwira ntchito. Ndiye kuti mbewu zilandire 6,000, ndiyenera kupopa 10,000.

Tsopano kwa pampu. GPM ija ndi magaloni pa mphindi. Vuto n'lakuti magaloni alipo awiri: ya ku America ndi malita 3.785, ya ku Britain ndi malita 4.546. Pa magaloni 35, yoyambayo ikupereka malita pafupifupi 132 pa mphindi, yachiwiriyo 159. Pa ola limodzi kusiyana kwake ndi malita pafupifupi 1,600, ngati migolo isanu ndi itatu. Pa pampupo sanalembe kuti ndi galoni iti. Mphwanga uja anayamba kufufuza pafoni, n'kugwera m'miyezo ina ya alimi a ku America, ya ekala ndi inchi: madzi okwera inchi imodzi pa ekala yonse, omwe ndi malita pafupifupi 102,800. Anasangalala nazo, koma ine ndinamuuza kuti foniyo aisinthe ikhale wotchi.

Tinagubuduza mgolo wa malita 200 mpaka kumapeto kwa payipi, kumtunda kwenikweni kumene madzi amatulukira ndikamathirira, osati pafupi ndi chitsime. Ndinaliza injini, iye n'kuwerenga nthawi. Mgolo unadzaza pa mphindi ziwiri. Tinabwereza katatu, osasintha kwenikweni. Ndiye kuti malita 100 pa mphindi, 6,000 pa ola. Si 132, si 159. Nambala yolembedwa pa pampu ndi ya pampu yatsopano yosakweza madzi patali. Yanga ndi yotopa, ikukankha madzi chokwera m'payipi yaitali yokhala ndi zigamba ziwiri za mphira. Tikanatsatira zolembedwazo, bwenzi ndikuzimitsa injini mbewu zisanakhute.

Malita 10,000 kugawa ndi 100, mphindi 100. Ola limodzi ndi mphindi 40 patsiku.

Ndinaganiza kuti ndamaliza, koma m'mawa mwake pampu inayamba kukoka matope ola lisanathe bwino. Chitsime sitinachiwerengere. Ndi dzenje la mamita 2 mbali zonse, ndipo madzi ake nditaviika nsungwi anali mita imodzi ndi theka. Kuchulukitsa 2 ndi 2 ndi 1.5, makiyubiki mita 6, malita 6,000. Pampu imachimaliza pa ola limodzi, ndipo kasupe wake sathamanga ngati injini. Chimadzadzanso, koma chimafuna kuchisiya mpaka dzuwa litapendeka.

Ndiye ndinagawa dimba patatu, chigawo chilichonse masikweya mita 400. Tsiku lililonse ndimathirira chigawo chimodzi chokha, n'kuchipatsa madzi a masiku atatu nthawi imodzi. Mbewu za m'chigawocho zimafuna mamilimita 15, omwe ndi malita 6,000, ndipo kuphatikiza otayika aja ndi 10,000 yomwe ija. M'mawa ndimaliza pampu pafupifupi ola, n'kuzimitsa isanafike pamatope, ndipo zotsalazo ndimamalizitsa madzulo. Madzi ochuluka kamodzi amalowa pansi kwambiri, mizu n'kuwatsatira, kusiyana ndi kunyowetsa pamwamba tsiku ndi tsiku. Kumchenga kuja kokha ndimakumba ndi chala tsiku lachiwiri, ndipo ndikapeza chinyontho chathawa ndimawonjezera ndi kheni.

Manambala onsewa ndinawalemba ndi khala pakhoma la kachisakasa kosungira payipi. Mgolo uja sindinaubweze kunyumba, ngakhale mayi a ana akuufunsa. Okutobala akafika madzi m'chitsime atsika, pampu izikoka kuchokera pansi kwambiri, ndipo mphindi ziwiri zija ndiyenera kudzaziyezanso.