Tsiku limene Tayiga ndi Pusi anakabayitsa katemera wa chiwewe

Uthenga unabwera ndi ana ochokera kusukulu, madzulo ake mthenga wa amfumu n'kudzabwereza: Lachinayi alangizi a ziweto adzakhala pabwalo la mpira kubaya agalu ndi amphaka katemera wa chiwewe, mwaulere. Munali mu September, mwezi umene pa 28 dziko lonse limakumbukira matendawa.

Jakisoniyo si nkhani. Ntchito ili pomufikitsa galu pabwalopo. Kwathu kuno ku Khombedza galu sadziwa chingwe, amangoyenda mmene wafunira. Chaka chatha ndinamumanga Tayiga m'mawa wa tsiku lomwelo, iye n'kuyamba kudzigwetsa pansi, kulira ngati akuphedwa, kenako anapulumuka n'kulowa m'tchire. Anabwera dzuwa litalowa, alangizi atapita kale. Ndiye ulendo uno ndinayamba Lamulungu. Ndinkamumanga chingwe m'khosi, kumupatsa mkute wa nsima ndi mitu ya usipa, kenako kuyenda naye mpaka pamjigo n'kubwerera. Mfundo yake isakhale yothina yokha galu akakoka, mungamupotole. Zala ziwiri zizilowa pakati pa chingwe ndi khosi. Pofika Lachitatu ankanditsatira mchira uli m'mwamba.

Pusi, mphaka wathu, ndiye sakokedwa. Tinamuika mudengu usiku womwewo akudya, pamwamba n'kuphimba ndi lichero, n'kumanga ndi chitenje. Ena amaika m'thumba loboola, koma ndi kutentha kwa Salima ine sindinafune.

Tinanyamuka 6 koloko isanakwane, ine ndi Tayiga, mdzukulu wanga atasenza dengu ndi botolo la madzi. Pabwalo tinapeza ambiri ndi ana asukulu, ndipo agalu awo ndi amene anali odekha. Galu amamvera amene amasewera naye, osati mwini nyumba. Langizo langa pamzere: talikiranani. Bambo wina anabweretsa galu wamkazi amene anali pa nyengo yofuna amuna, ndipo panabuka ndewu ya agalu mpaka fumbi koboo. Ife tinakaima patali pansi pa mtengo wa mango, dengu lili pamthunzi.

Nthawi yathu itakwana, mlangizi wina analemba dzina langa, mudzi, ngati galu ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndi zaka zake.

“Agogo, mugwire inuyo kapena mwanayu?”

“Agwire mwanayu, ndi mnzake.”

Anamuuza kuti anyonyomale, akumbatire khosi la galu ndi dzanja limodzi, mutu uyang'ane kumbali, dzanja lina ligwire pamimba. Mlangizi anadzera kumbuyo, kutsina chikopa pang'ono, kubaya, basi. Tayiga sanadziwe n'komwe. Anamupaka penti pamutu kuti azioneka kuti wabayidwa. Pusi sitinamutulutse: tinangotsegula pang'ono, kumugwira chikopa cha kumbuyo kwa khosi, n'kubayira mudengu momwemo. Ena pamzere ankaseka kuti mphaka nayenso? Mlangizi anawayankha kuti mphaka amatenganso chiwewe akalumidwa, ndipo iye ndiye amagona m'nyumba ndi ana.

Anthu atachepa ndinafunsa mlangizi zimene zinkandivuta. Katemerayu amayamba chiweto chikakwana miyezi 3, ndipo amabwereza chaka chilichonse. Anati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amasowa podutsira, n'chifukwa chake amakalipira anthu amene amabweretsa galu mmodzi n'kusiya atatu kunyumba. Anatembenuza khutu la Tayiga n'kundionetsa nkhupakupa zitatu zonenepa ngati nandolo. Manyazi anandigwira. Mankhwala a nkhupakupa, utitiri ndi njoka zam'mimba sali m'gulu la zaulere, timagula tokha m'sitolo za mankhwala a ziweto. A njoka zam'mimba galu wamkulu amamwa miyezi 3 iliyonse, mlingo wake motengera kulemera kwake. Anandiletsa zinthu ziwiri zimene m'mudzi timachita mosaganizira: kusambitsa mphaka dibi wa ng'ombe kapena mankhwala a galu, ndi kumupatsa panado akadwala. Zonsezi zimapha mphaka.

Chomaliza anatipatsa makhadi awiri, olembedwa tsiku ndi siginecha. Ndinangowapinda n'kuika m'thumba la malaya, osawaona ngati kanthu.

Patatha miyezi iwiri, mwana wa aneba anaponda mchira wa Tayiga akudya, galu n'kumuluma pachidendene. Mayi ake anafika akunjenjemera.

“Achimwene, galu wanuyu ndi wobayitsa?”

Tisanakambirane zambiri tinatsuka bala ndi sopo ndi madzi othira kwa mphindi 15, monga mmene amalangizira, kenako kabaza ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, ndiye ngakhale galu ali wobayitsa, zoweruza timasiyira adokotala. Kumeneko funso loyamba linali lomwelo, ndipo ndinatulutsa khadi, inki itayamba kufufutika ndi thukuta koma tsiku likuwerengeka. Tayiga tinamumanga pakhonde masiku 10 kuti tione ngati asinthe khalidwe. Ankadya, kumwa madzi, n'kumalirira kuti timumasule.

Makhadi aja tsopano ali m'jumbo limodzi ndi mabuku akuchipatala a ana. Chingwe ndachipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo Loweruka lililonse mdzukulu wanga amayenda naye Tayiga mpaka pamjigo kuti asachiiwale.