Voti ya ku Wyoming ndi ya ku California sizilemera mofanana

Abale, dzulo usiku ndinakhala pa mkeka ndi kalikuleta ya pafoni kuwerengetsera za chisankho cha ku America ndipo mpaka pano mtima sukukhazikika. Kumeneko anthu savotera pulezidenti mwachindunji ayi, amasankha ma elector 538, omwe ndi nthumwi zokavotera pulezidenti m'malo mwawo, ndipo wopikisana amene wapeza 270 ndiye watenga boma. Ndiye taonani ma state (zigawo za dzikolo) awiri awa, Wyoming ili ndi anthu osakwana 600,000 koma ma elector atatu, California anthu oposa 39 miliyoni ma elector 54. Mukagawa, elector mmodzi ku Wyoming akuimira anthu ngati 190,000 pomwe ku California ndi opitirira 700,000. Ndinati basi wovota wa ku Wyoming ndiye bwana.

Koma mu 1968 John Banzhaf, katswiri wa malamulo wa ku America, anawerengera mwamtundu wina, iye funso lake linali loti kodi mwayi woti voti yako imodziyo ndi imene itembenuze zotsatira ndi waukulu bwanji. Poti ma state pafupifupi onse wopambana amakokolola ma elector onse olo wapambana ndi voti imodzi (lero ndi Maine ndi Nebraska okha amene amagawa), anapeza kuti wovota wa mu state yaikulu ndiye wamphamvu, wa ku New York kuposa katatu wa ku Washington DC.

Chimene chimandiwawa ine ndi Florida mu 2000. Mavoti 537 okha, anthu oti angakwane mu tchalitchi chimodzi, anapatsa George W. Bush ma elector 25 ndi mpando womwe, chonsecho Al Gore, amene ankapikisana naye, anali ndi mavoti ochuluka dziko lonse. Tangoganizani mayi amene anaima pamzere ku California tsiku limenelo kukavotera Gore, voti yake siinasunthe kalikonse.