Kodi ogwira katundu pa milandu ya ndalama zachinyengo ndi apolisi? Zomwe ndatolapo pophunzira nkhaniyi

Taganizani za wamalonda wa soya ku Kamwendo amene wapita ku banki pa boma la Mchinji, n'kuuzidwa kuti akaunti yake yatsekedwa, ndipo lole yake ya matani 10 saloledwa kuigulitsa. Akafika kunyumba amangoti, "Apolisi andigwirira katundu." Koma nthawi zina pa nkhani yotere sipakhala wapolisi ngakhale mmodzi. Funso loti ogwira katunduwa ndi apolisi kapena ayi limaoneka laling'ono, komatu m'maiko ena ndi lomwe limagamula ngati mawu omwe munthu walankhula pofunsidwa angamumangitse.

Kumene nkhaniyi inakambidwa mozama ndi ku India. Kumeneko kuli lamulo la 2002 lotchedwa Prevention of Money Laundering Act, ndipo bungwe lolitsata ndi Enforcement Directorate. Gawo 5 la lamuloli limalola mkulu wa bungweli, kapena ofesala wosachepera udindo wa Deputy Director, kugwira katundu mongoyembekezera kwa masiku osapitirira 180, popanda kuyamba wapita kukhothi. Ayenera kulemba zifukwa zomwe akukhulupirira kuti katunduyo anachokera ku mlandu, kenaka pasanathe masiku 30 akapereke dandaulo ku Adjudicating Authority, yomwe imamva mbali zonse n'kutsimikiza kapena kuchotsa chiletsocho. Gawo 50 limawapatsa mphamvu yoitana munthu aliyense, ndipo woitanidwayo akakamizika kunena zoona ndi kusaina zomwe wanena.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Lamulo la umboni la ku India, gawo 25 la Evidence Act ya 1872, linkati munthu akavomera mlandu pamaso pa wapolisi, kuvomerako sikungaperekedwe ngati umboni womutsutsa, ndipo mfundoyi inalowanso m'lamulo latsopano la 2023. Choncho maofesala a Enforcement Directorate akanakhala apolisi, zonse zomwe anthu amavomera pansi pa gawo 50 zikanagwa m'madzi. Pa 27 July 2022, pa mlandu wa Vijay Madanlal Choudhary, khothi lalikulu la dzikolo linagamula kuti iwo si apolisi. Linati ntchito yawo yaikulu ndi kulondola ndi kugwira chuma chochokera ku milandu, sapereka lipoti la apolisi kukhothi koma dandaulo, ndiponso munthu woitanidwa amakhala asanakhale woimbidwa mlandu. Chodabwitsa n'chakuti mu 2020, pa mlandu wa Tofan Singh, khothi lomwelo linali litanena kuti maofesala ofufuza za mankhwala ozunguza bongo ndi apolisi pa nkhani ya kuvomera mlandu.

Ine chigamulo cha 2022 sichindikhutiritsa. Munthu amene ali ndi mphamvu yochita chipikisheni m'nyumba mwako, yokumanga, ndi yokugwirira nyumba, mantha omwe amakupatsa ndi omwewo omwe wapolisi amapereka, kaya wavala yunifolomu kaya suti. Lamulo loletsa umboni wa kuvomera linabwera chifukwa cha mantha amenewo. Ndipo mu 2024, pa mlandu wa Prem Prakash, khothilo linabwezako pang'ono: linati mawu omwe munthu wanena kwa bungweli ali kale m'manja mwawo sangagwiritsidwe ntchito pomutsutsa.

Kuno kwathu zinthu zinayalidwa mosiyana, ndipo wophunzira amene angangotenga yankho la ku India n'kulibweretsa kuno alakwa mayeso. Poyamba, gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code limalola kuti kuvomera mlandu kulandiridwe kukhothi, ngakhale kunachitikira kupolisi. Khothi ndi lomwe limayeza ngati munthuyo ananenadi ndiponso ngati zomwe ananenazo ndi zoona. Ndiye kutchedwa wapolisi kapena ayi sikusintha zambiri pa umboni. Chomuteteza munthu ndi gawo 42 la Malamulo aakulu a dziko lino: womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, wopeza loya, ndi wokaonekera kukhothi pasanathe maola 48.

Chachiwiri, lamulo la Financial Crimes Act la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la 2006, silipereka ntchitoyi kwa bungwe limodzi. Limatchula gulu la omwe ali ndi mphamvu, ndipo m'gululo muli apolisi, Anti-Corruption Bureau, ofesi ya mkulu woyimira boma pa milandu, maofesala a msonkho ndi Financial Intelligence Authority. Bungwe lomalizali si la apolisi. Ntchito yake imayambira pa malipoti omwe mabanki amatumiza akaona ndalama zikuyenda mokayikitsa. Koma wina aliyense mwa amenewa akafuna kuti katundu asasunthe pansi pa lamuloli, angathe kupita kukhothi kukapempha preservation order, chikalata cha khothi choletsa kugulitsa kapena kusamutsa katunduyo. Wosaina ndi woweruza. Kwa ine apa mpomwe lamulo lathu linaposa la ku India, ndipo funso loyenera kuno si lakuti "kodi ndi apolisi?" koma lakuti "chikalatachi chasainidwa ndi ndani, pansi pa lamulo liti, ndipo chitha liti?"

Mayankho ake amasiyana. Chikakhala restriction notice, kalata yoletsa kugulitsa kapena kusamutsa katundu, ya Anti-Corruption Bureau pansi pa gawo 23 la Corrupt Practices Act, wosaina ndi mkulu wa bungwelo, chimagwira ntchito miyezi itatu, ndipo kuti chionjezeredwe ayenera kukafotokoza chifukwa kwa majisitireti. Chikakhala preservation order, chimatengedwa mwini katundu kulibe, poopa kuti angausamutse usiku womwewo. Kenaka amadziwitsidwa, chidziwitso chimasindikizidwa, ndipo chiletso chimakhala masiku 90 pokhapokha boma litapempha kuti katunduyo alandidwe ndithu. Pempho lolandalo ndi mlandu wa katundu, si wa munthu. Boma silidikira kuti wina apezeke wolakwa. Lingofunika kuonetsa kuti umboni ukupendekera ku mbali yoti katunduyo anachokera ku mlandu kapena anagwiritsidwa ntchito popalamula.

Anthu ambiri amagwera pamenepa. Poganiza kuti ndi nkhani ya apolisi, amataya masabata akuyendera siteshoni, kufunafuna wofufuza, pamene masiku ochepa olembedwa pa chidziwitso, oti anene kuti akutsutsa, akutha. Ena amakhala chete podalira ufulu wa gawo 42, osadziwa kuti pa mlandu wa katundu kukhala chete kumasiya umboni wa boma uli wokhawokha pamaso pa woweruza. Enanso amathamangira kulemba galimoto m'dzina la mlamu wawo, zomwe ndi kuphwanya chiletso cha khothi komanso kumuika mlamuyo m'mavuto.

Chopulumutsa katundu ndi mapepala osonyeza gwero lake. Mlimi wa fodya ku Santhe kapena ku Chamama asunge ma sale sheet a ku Chinkhoma a chaka ndi chaka, pamodzi ndi sitetimenti ya ku banki yosonyeza kuti ndalamazo zinalowa nthawi yomweyo yomwe anagula thalakitala. Wogula galimoto kwa munthu wina akhale ndi mgwirizano wolembedwa, umboni wa malipiro, ndipo asinthe dzina pa blue book msanga, chifukwa lamulo limateteza amene anagula mwachilungamo pa mtengo woyenera asakudziwa kuti katunduyo ali ndi chilema. Vuto la kwathu kuno ndi lakuti malonda ambiri a soya, mtedza ndi chimanga, makamaka ozungulira chipata cha Mchinji, amachitika ndi ndalama zapamanja, opanda risiti. Munthu wosalakwa angathe kulephera kufotokoza K30 miliyoni yomwe anaipeza ndi thukuta lake. Buku wamba lolembamo tsiku, matumba, mtengo ndi wogula, losungidwa kuyambira kale, khothi lingathe kulimvera kuposa mboni zisanu zongokumbukira pamtima.