Mmene tinakonzera kadimba ka njuchi ku Mufakose

Malo tinawapeza kuseri kwa tchalitchi chathu ku Mufakose, pomwe anthu ankangotayapo zinyalala. Tisanagwire khasu tinakaonana kaye ndi akuluakulu a mpingo komanso a khansala, chifukwa kuno ku Harare ukalima pamalo a khonsolo popanda chilolezo, tsiku lina ungapeze zonse atatchetcha.

Ntchito yowawa inali yozula lantana. Chitsamba chimenechi n'chochokera ku America, ndipo ngakhale agulugufe amachikonda, chimapondereza zomera zonse zoyandikana nacho. Mukangodula chimaphukiranso, choncho muzikumba mpaka chitsa chituluke. Valaninso malaya a manja aatali, timinga take timakala kwambiri.

Posankha zodzala, amene anatitsegula maso ndi mayi ena achikulire a m'gulu lathu. Anati, "Ana inu, m'dzinja njuchi sizisowa chakudya. Njala yake imabwera udzu ukauma." Ndiye tinayamba ndi aloe, yemwe anzathu Achishona amati gavakava. Amene munafikako ku Ewanrigg, munda wa zomera womwe uli kunja kwa Harare, mu June kapena July mukudziwa mmene aloe amachitira maluwa ofiira nthawi yachisanu, tchire lonse lili gwaa, njuchi ndi timbalame tili piringupiringu. Ife sitinakumbe kutchire. Tinapempha tiana ta aloe m'makomo mwa anthu, n'kusiya mizu iume masiku angapo pamthunzi, kenaka n'kudzala pamtumbira kuti madzi asamadikhe, poti akadikha chomeracho chimaola.

Mvula yoyamba itagwa mu November tinafesa luni ndi mpungabwi, n'kudzala mtengo umodzi wa mthethe pakona. Pa luni panali kukokana ndithu, chifukwa ndi ndiwo, ndipo aliyense dzanja limayabwa kuti athyole. Tinagwirizana kuti bedi lina likhale la mumphika, lina tilisiye lichite maluwa mpaka njere.

Madzi ndi ovuta kuno, n'chifukwa chake tinaphimbira nthaka ndi udzu wouma, koma mbali ina tinaisiya yambee dala. Pali njuchi zina zosakhala mumng'oma, zimakumba timauna pansi, iliyonse payokha, ndipo udzu ungazitsekere. Pamthunzi tinaika phale la madzi lodzaza timiyala kuti zizitera pomwa osamira; timasintha madziwo pafupipafupi kuopa udzudzu.

Mankhwala opopera tinaletseratu. Nsabwe zikagwira masamba timathira madzi a sopo madzulo, njuchi zitapita kale.